Mtengo wa Pamwala

Lolemba, 8 Julaye 2024

Andigoneka mu wodi ya amuna, pafupi ndi khomo. Mwana wanga Scholastica wandigulira kope ndi bolopeni kuti ndizilemba mankhwala amene akundipatsa, chifukwa iye amaiwala ndipo anamwino amasinthana. Ndine Jasten wa kwa Kalembo, zaka 74. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5.

Lero anditenga magazi pamkono. Akuti ali pa 6, pamene munthu wamwamuna amafunika kupitirira 12. Dripi imodzi. Panado awiri. Pasikelo ndakwana makilogalamu 47. Ndili ku mgodi ku Joni ndinkakwana 70.

Chimbudzi chikubwerabe ndi magazi. Mimba yatupa mbali ya kumanzere.

Mantha sindikuwamva. Sindikumva kanthu.

Lachiwiri, 9 Julaye

Tsiku la muno limayamba ndi mopu. Kenako phala, kenako anamwino ndi kangolo ka mankhwala, kenako madokotala. Madokotala akamalowa, otidikirira amawatulutsa, amakasuzumira pawindo.

Pa bedi la kumanja kwanga pali Che Twalibu a ku Nsanama, ogulitsa mpunga ndi matemba. Ali ndi shuga, chala cha kuphazi chinawola. Pakamwa pokha ndi pamene sipanadwale. Atandiona ndi kope anati, "Ambuje, mukulemba mayina a amene anakuberani nkhuku?" Ndinati dzina ndi limodzi lokha ndipo silifuna kope.

Dokotala wabwera ndi zotsatira za ku Blantyre, kumene mwezi wa Meyi anandilowetsa kapaipi ka kamera ndi kudula kanyama. Akuti ndi khansa ya m'matumbo, ndipo sikani, chithunzi cha m'kati mwa thupi, ikuonetsa kuti yafika kuchiwindi. Anafunsa kuti magazi ndinayamba kuwaona liti. Ndinati papita mvula ziwiri. Anafunsa chimene ndinachedwera. Ndinati ndinkamwa zitsamba. Sanandikalipire, anangolemba.

Scholastica analira pakhonde. Ine ndinadya nthochi imodzi.

Lachinayi, 11 Julaye

Andithira magazi paindi imodzi, kuyambira m'mawa mpaka masana. Magazi a munthu amene sindikumudziwa. Awonjezera mapiritsi ofewetsa chimbudzi, awiri madzulo.

Dzana ndinamuyankha dokotala mwachidule. Zitsamba sizinandichedwetse. Chinandichedwetsa ndi kumwa zitsamba zimene si zake. Ndamwa muwawani, ndamwa nimu, ndamwa mvunguti, ndamwa za m'mabotolo a ku msika wa Ulongwe. Zonsezo ndinkamwa chifukwa mankhwala enieni kunalibe.

Amayi anga ankachiza m'mimba mwa magazi. Anthu ankachokera kutali, ena atanyamulidwa pa machira, ankabwerera akuyenda okha. Mankhwala ake unali muzu wa mtengo umodzi umene unamera pa mwala waukulu kumapeto kwa munda wathu. Dzina lake sankatchula, ankangoti mtengo wa pamwala. Pa ana awo onse anasankha ine kunyamula khasu. Achimwene anga aakulu, a Elliam, sanawasankhe.

Chaka cha njala, 2016, a Elliam anaudula mtengowo ndi kuuotcha makala. Anazula ndi chitsa chomwe. Ine ndinali ku Chikweo, kumudzi kwa mkazi wanga. Mkazi wanga atamwalira ndinabwerera kwathu, ndinapeza phulusa pamwala. Mitengo ina inalipo yoti adule. Anayambira umenewo.

Kuyambira tsiku limenelo sindinawalankhule. Nyumba zathu zimayang'anana.

Loweruka, 13 Julaye

Magazi akwera kufika pa 8. Andiyambitsa mofini wamadzi, wobiriwira, kasirinji kamodzi m'kamwa maola anayi alionse. Ululu wachoka. Wapita ndi zina zonse. Ndikumva ngati thupili ndabwereka.

Akazi a Che Twalibu anabweretsa mpunga ndi nkhuku. Namwino anawaletsa mpunga chifukwa cha shuga. Che Twalibu anati, "Sisitala, mpunga uwu ndi wanga, ndinaulera ndekha, ukundidziwa." Anawalanda ndithu. Anandipatsa msuzi m'kapu, ndinamwa pang'ono.

Scholastica akufuna kuimbira foni kwa Pitala, mwana wa a Elliam, kuti akawauze bambo ake. Ndamuletsa. Anati, "Bambo, ndi achimwene anu." Ndinati ndikuwadziwa.

Lolemba, 15 Julaye

Mofini chimodzimodzi. Chimbudzi sichinabwere dzulo ndi lero. Mimba yauma ngati ng'oma.

Kwabwera mayi wina wachitsikana ndi namwino wamkulu. Dzina lake a Hellen, a ku yunivesite ku Blantyre. Akuyenda m'zipatala kufunsa odwala khansa zitsamba zimene anamwa asanabwere. Ndinayesa ndi msampha woti atinene. Anati iyayi, ndipo wosafuna kuyankha asayankhe.

Anakhala pa benchi ndi kufotokoza. Akuti mankhwala ena a khansa amene ali m'zipatala poyamba anachokera ku mitengo, ngakhale ena a khansa ya m'matumbo. Ndiye iwo amatolera mizu ndi makungwa amene anthu akumudzi amagwiritsa ntchito. Amaumitsa, amapera, amaviika, kenako amadontheza madziwo pa tinthu ta khansa timene amasunga m'timbale tagalasi, n'kuona ngati tifa.

Che Twalibu anati, "Ndiye khansa mumaiweta ngati nkhunda?" A Hellen anaseka, anati inde, ndipo imadya zodula.

Ndinawauza za mtengo wa pamwala. Ndinafotokoza m'mene amayi ankachitira. Umakumba mbali ya kum'mawa dzuwa lisanatenthe. Umatenga muzu wonenepa ngati chala chachikulu, muzu waukulu suukhudza, ukatha umakwirira. Umaumitsa pamthunzi. Umaviika mu mphika wadothi, madzi amafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Umawawa polowa, koma pakhosi pamatsala kukoma.

Analemba zonse. Kenako anati, "Agogo, amene amayi anu ankachiza mwina anali ndi kamwazi. Kamwazi ndi khansa ndi matenda awiri." Ndinati magazi ndi magazi.

Anandionetsa zithunzi za mitengo pa foni. Ina inkafanana masamba, khungwa losiyana. Ina khungwa lofanana, maluwa osiyana. Wathu uja ukaukanda khungwa umafiira, ndipo umachita maluwa oyera mvula yoyamba ikagwa. Sitinaupeze. Anati popanda muzu weniweni ndi nthambi ya masamba palibe chimene angachite.

Abweranso sabata ziwiri zikubwerazi.

Lachiwiri, 16 Julaye

Ndasanza kawiri. Andiika dripi ndipo andiletsa kudya.

Ndakhala ndikuganiza za timbale tija. Ngati madzi a muzu uja atapha khansa m'kambale, ndiye kuti a Elliam anandipha ndi nkhwangwa yawo. Sikukhalanso kuganiza kwanga. Zikhala zoti anthu ophunzira aona ndi maso.

Ndikufuna zimenezo. Ndi chinthu chokhacho chimene ndachifuna kuyambira ndinalowa muno.

Lachitatu, 17 Julaye

Mtengo wina woterewu ulipo. Sindinawauze a Hellen.

Uli kumanda a kwathu, mbali ya kumtsinje. Ndinauona tikuika maliro a mlamu wanga zaka zapitazo. Ndinaukanda ndi chikhadabo, unafiira. Kwathu mitengo yonse inatha ndi makala, yatsala ya kumanda basi, chifukwa kumeneko munthu sathyola ngakhale kamtengo kotokosera m'mano.

Pamene magazi anayamba ndinkauganizira tsiku lililonse. Koma kumanda salowa popanda maliro. Nkhalamba ngati ine, yokhala yokha, yosalankhula ndi mbale wake, aipeze ikukumba mizu kumanda. Sangafunse kuti mukudwala chiyani. M'mudzi woyandikana ndi wathu anagenda gogo wina pa nkhani yochepa kuposa imeneyo. Ndinaopa miyala, ndinakagula za m'mabotolo.

Dokotala akuti matumbo atsekeka. Mawa ambulansi inditengera ku Zomba kukachitidwa opaleshoni. Akuti sachotsa khansa, angotsegula njira ina pamimba kuti chimbudzi chizitulukira m'thumba. Ndasaina pepala lovomera.

Che Twalibu anati andisungira bedi. "Wina akagonapo ndimuuza kuti mwini wake amalemba anthu mayina."

Lachiwiri, 23 Julaye, ku Zomba

Anandichita Lachisanu. Ndili ndi thumba pamimba, kumanja. Paipi m'mphuno achotsa dzulo.

Kukuzizira kuno. Sindilemba zambiri.

Lachinayi, 25 Julaye

Phala lamadzi, masipuni ochepa. Jakisoni m'mawa ndi madzulo. Scholastica waphunzitsidwa kusintha thumba. Amatembenuzira nkhope kumbali, kenako amapepesa. Ndamuuza kuti asapepese.

Dokotala wa kuno akuti mankhwala amphamvu a khansa thupi langa silingawapirire. Ndinafunsa kuti ndiye chatsala n'chiyani. Anati kuchepetsa ululu. Ndinafunsa ngati ndiona mvula. Anati sakudziwa, koma zimene ndikufuna kukonza ndikonze.

Lolemba, 29 Julaye

Andibweza ku chipatala chathu chija. Bedi langa anagonekapo wina, andiika kumanja kwa Che Twalibu. Iwo awadula zala ziwiri. Anandilonjera m'Chiyao, kenako anati, "Tsopano tonse tachepa. Ine kuphazi, inu pakati."

Mofini awonjezera, tsopano ndi kasirinji kamodzi ndi theka. Makilogalamu 43.

Lachiwiri, 30 Julaye

Bambo wa pa bedi la pakona wamwalira m'mawa, nthawi ya phala. Anamutchinga ndi makatani, akazi analira panja, machira a chitsulo anadutsa. Masana bedi linali ndi munthu wina.

Che Twalibu anayamba kukamba za kukumba manda. Akuti ali mnyamata ankakumba kwambiri kwawo. Akuti dothi si vuto, vuto ndi mizu. "Mizu ya kumanda, ambuje, yonenepa ngati ntchafu. Umadula ndi nkhwangwa, umaponya pamulu, khasu limathyoka. Mitengo imeneyo imadya bwino."

Ndinafunsa kuti mizu yodulayo amapita nayo kuti. Anati amakwirira pamodzi, angapite nayo kuti.

Ndinangoona kuti njira ilipo. Kumanda amakumba tsiku limodzi lokha popanda wonena kuti ufiti, tsiku la maliro. Adzukulu, amene amakumba manda kwathu, akakumba pafupi ndi mtengo uja mbali ya kum'mawa, muzu audula okha, masana, anthu onse akuona. Pakungofunika maliro. Maliro alipo, ndine.

Ndinawauza Che Twalibu. Anandiyang'anitsitsa. Kenako anati, "Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire. Inu mukufuna kuwina mlandu muli pansi."

Ndinati inde.

Lachitatu, 31 Julaye

A Hellen abwera. Ndinawauza zonse, za kumanda ndi za adzukulu. Bolopeni yawo inaima.

Anati, "Agogo, ndisakunamizeni. Mitengo yambiri imene timayesa sichita kanthu. Ina imapha khansa m'kambale koma imaphanso nyama yabwino. Ina imagwira m'kambale, m'thupi la munthu ayi. Yankho loyamba lokha limatenga chaka kapena kupitirira. Inu silikuthandizani."

Ndinati sindikufuna kuthandizidwa. Ndikufuna kudziwa.

Anati, "Mudziwa bwanji?"

Ndinati adziwa otsala.

Anati iwo sangalandire chinthu chakuba kumanda. Pafunika amfumu avomere ndi abale avomere, poyera. Zikatero Scholastica aimbe foni, adzatenga okha. Muzu utalike ngati mkono wa mwana, nthambi ya masamba aipanikize pakati pa nyuzipepala, asaike mu pulasitiki chifukwa zimachita nkhungu. Scholastica anasunga nambala. A Hellen anatsanzika.

Kenako Scholastica anati, "Bambo, amene amalozera adzukulu malo okumba ndi ndani?"

Ndinkadziwa kale. Kwathu amaloza ndi mwini mbumba, wamkulu wa banja. Ndiye a Elliam.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Mofini chimodzimodzi. Thumba lasinthidwa m'mawa. Khungu lozungulira lafiira, apaka mafuta oyera. Ndadya mbatata theka.

Tsiku lonse ndafunafuna munthu wina. Palibe. Alongo athu onse anamwalira. Amfumu sangaloze malo a banja la eni. Kuti ndiwatsutse a Elliam ndiyenera kuwapempha a Elliam.

Madzulo ndinamuuza Scholastica kuti aimbe kwa Pitala. Anafunsa kuti anene chiyani. Ndinati anene kuti Jasten akufuna kukamba za malo.

Loweruka, 3 Ogasiti

Sanabwere.

Akwaya a Katolika analowa kudzaimba. Anatipatsa sopo ndi shuga. Che Twalibu analandira sopo, shuga anandipatsa ine. Anati, "Mundisungire kumwamba kwanuko, kwathu ndikamva kuti kulibe ndidzabwera kudzatenga."

Lamulungu, 4 Ogasiti

Sanabwere. Maso anga ayamba chikasu. Mapazi atupa.

Che Twalibu atuluka mawa. Akuti akafika ku Nsanama adzandichitira dua, pemphero la Chisilamu. Ndinati Mulungu wanu sandidziwa. Anati, "Ndimuuza kuti ndi uja wa thumba."

Lachiwiri, 6 Ogasiti

A Elliam abwera. Ndilemba pang'onopang'ono chifukwa ndatopa, koma ndilemba zonse.

Anafika nthawi ya alendo masana, pa njinga ya kabaza kuchokera ku siteji. Akalamba. Ndinkawaona tsiku lililonse patali koma sindinkadziwa kuti mano akutsogolo anatha. Anabweretsa chinangwa chophika m'kambale ndi thobwa m'botolo. Anaika pa lokala, kakabati ka pambali pa bedi. Scholastica anagwada kuwalonjera, kenako anatuluka.

Anakhala pa benchi, chipewa pabondo. Anati, "Mwaswera bwanji, Jasten?"

Ndinati, "Monga mukuonera, achimwene."

Anayang'ana thumba pansi pa malaya, anayang'ananso pansi.

Ndinalankhula zimene ndinakonza. Ndinati ndikamwalira mukaloze kum'mawa kwa mtengo uli kumtsinje kuja, wofiira khungwa. Adzukulu akadula mizu, mutengepo umodzi ndi nthambi. Mukanene kwa amfumu ndi pamaso pa anthu kuti ndi mawu anga, kuti asakuyeseni mfiti. Scholastica akudziwa kopereka.

Anafunsa kuti a ku yunivesitewo akatani nawo. Ndinafotokoza za timbale.

Anati, "Ndiye ukagwira ntchito?"

Ndinati, "Ndiye mudzadziwa chimene munaotcha."

Sanakwiye. Anatembenuza chipewa. Anati, "Amayi anamwalira ndi chiyani, Jasten?"

Ndinati ndi m'mimba. Ndi zimene kalata inanena ndili ku Joni.

Anati, "M'mimba mwake motani?"

Ndinali kutali chaka chimenecho, 1986. Ndinabwera patatha miyezi, ndinapeza manda atamera udzu. Ndinabweretsa bulangeti ndi wailesi.

Anati, "Magazi. Ngati anuwa. Anayamba kuonda, mimba inatupa mbali imodzi, maso anachita chikasu. Inu kunalibe, ndiye anandituma ine. Anandilozera ali pamsana panga, chifukwa sankayenda. Kum'mawa, chala chachikulu, kukwirira, mphika wadothi. Ndikudziwa zonse. Ndinakumba mpaka mbali ya kum'mawa inatha mizu, ndinayamba kumadzulo. Ankamwa m'mawa ndi madzulo. Ndinkafuna kupita nawo ku mishoni, ankakana, ankati ndachiza anthu ndi muzu umenewu, ndikaoneka bwanji pamzere. Tsiku lomaliza anasanza madzi ofiira aja pa malaya anga."

Ndinati, "Bwanji simunandiuze?"

Anati, "Munafunsa? Munafika ndi wailesi, munafunsa za mabatire."

Mu wodi munali phokoso la mbale. Wina ankaitana namwino.

Ndinati, "Ndiye munaudula dala."

Anati, "Njala inalipo. Koma inde. Ndinkadutsa pamwala paja popita kumunda zaka zonsezo, uli chiimire, ukuchita maluwa. Chaka cha njala nditanola nkhwangwa sindinaganize kawiri."

Ndinati anthu ankachira, ndinawaona ndi maso anga.

Anati, "Ankachira. Inenso ndinawaona. Amayi sanachire."

Nthawi ya alendo inatha, mlonda anayamba kugogoda zitseko. Anaimirira. Za malo sanayankhe. Anati agona kwa mnzawo ku Liwonde, abweranso mawa.

Chinangwa ndinamupatsa Scholastica.

Lachitatu, 7 Ogasiti, m'mawa

Mofini awonjezeranso, masirinji awiri. Mkodzo wachita ngati tiyi.

Ndamuuza dokotala za amayi. Anati matendawa nthawi zina amayenda m'banja, Scholastica ndi abale ake akayezetse asanaone chizindikiro. Scholastica wamva yekha.

Ndayesa kuwakwiyira a Elliam monga ndimachitira m'mawa uliwonse. Zili ngati kuponda ndi mwendo wadzanzi. Mwina ndi mofini.

Mwina amayi anamwa mochedwa. Mwina a Elliam ankakumba molakwika, anena okha kuti anafika kumadzulo. Mwina muzuwo ndi wa kamwazi basi, monga ananenera a Hellen. Sindikudziwa. Dzana ndinkadziwa.

Akuti Lachisanu anditulutsa, mankhwala azikandipatsa kunyumba, namwino azibwera pa njinga yamoto.

Lachitatu lomweli, madzulo

A Elliam anabwera masana. Lero sanabweretse kanthu. Anakhala pabedi penipeni, kumapazi.

Anati, "Ndaganiza. Kum'mawa kwa mtengo uja malo alipo, sipanagone munthu. Ndikaloza."

Ndinati mwina palibenso chifukwa.

Anati, "Chilipo. Inenso ndikufuna kumva. Ngati uli ndi mphamvu, ndinaotcha mankhwala a mng'ono wanga. Ngati ulibe, ndinamwetsa amayi madzi a tiyi mpaka kufa, chipatala chili pafupi. Konsekonse ndine ndemwe. Koma ndimve."

Ndinati anthu adzalankhula akadzakuonani mukutuluka kumanda ndi muzu m'manja.

Anati, "Ndidzanyamula pamwamba ngati mtanda, aone bwino. Amfumu ndikawauza Loweruka, inu muli moyo, kuti akafuna adzakufunseni nokha."

Ndinawauza kuti asaike mu pulasitiki. Anati amva. Ndinawauza kuti adzukulu asadule muzu waukulu, mtengo ungafe. Anati, "Ndaukumba kuposa inu."

Anafunsa ngati thumba limapweteka. Ndinati iyayi, limangofunda.

Kenako anafunsa kuti yankho limatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinati chaka, mwina kupitirira.

Anawerenga chinachake m'mutu. Ali ndi zaka 79.

Anati, "Ndiye likadzabwera ndidzakuuzani bwanji? Kumanda salowa."

Ndinati sindikudziwa.

Anavala chipewa. Anati, "Kumadzulo kwa mtengowo malo aliponso. Ndidzamuuza Pitala adzandigoneke pamenepo. Likandipeza ndili moyo ndidzabwera nalo. Likachedwa ndidzabwera chimanjamanja, musadzandinyanyalenso."

Ndinati ndidzaona.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Atipatsa botolo la mofini, matumba a pamimba ndi magolovesi. Masirinji awiri maola anayi alionse, ululu ukakula kuwonjezera imodzi. Makilogalamu 41.

Pitala wapeza galimoto yotifikitsa mpaka pakhomo. A Elliam ali panja, akukangana ndi dalaivala kuti ine ndikhale kutsogolo.